Mlandu wa Mafuta Otsala M'poto

Bwalo la amfumu ku Mongue linadzaza ngakhale inali nthawi yothyola nandolo. Wodandaula anali mayi wachikulire. Wozengedwa anali mkamwini wawo, yemwe anakhala chofulatira poti mwambo sumulola kuyang'anizana ndi apongozi.

"Zikomo amfumu," anayamba mayiwo. "Ndinapha thadzi langa losiya kuikira, lomwe linapulumuka chitopa. Mafuta ake achikasu ndinawasungunula, kuwasefa, n'kuvundikira m'kambale kuti mawa ndikazingire chigwada. Kutacha, mbale gwa! youma."

"Amwene, mafuta anapita kuti?" inafunsa nduna.

"Ali pa tcheni cha njinga, wawa. Ndinali ndi matumba awiri a chimanga opita ku Muloza, ndipo tcheni chinkalira kuti anthu a ku Mulanje amve. Girizi amafuna metikali, ine ndinalibe."

"Nthutumba anadya ndani?"

"Ineyo, wawa."

Bwalo linang'ung'udza. Kudya nthutumba pachikamwini apongozi aamuna ali moyo ndi mlandu wina, koma amfumu anati uwu udikire Lachisanu.

Mboni yoyamba, wokonza njinga pamsika, inati mafuta a nkhuku sakhalitsa pa tcheni: amakoka fumbi, dzuwa likatentha amasungunuka, kenako amanunkha. Mboni yachiwiri inati inaona agalu atatu akuperekeza njingayo mpaka m'tsinde mwa phiri la Tumbine, ulemu womwe ngakhale a boma sanaulandirepo.

Nkhoswe ya mkamwini inayesa kuteteza. "Amfumu, ku Quelimane amawotcha nkhuku yonyika mu mkaka wa kokonati, mafuta n'kumadonthera pamakala. Ndani anamangidwapo?"

"Kumeneko kuli kokonati," anayankha mayiwo. "Ine mafuta ophikira ndimagula a m'kachubu."

Amfumu anaitanitsa umboni. Njinga inabwera, nyerere zili mbwee pa tcheni. Anainunkhiza, napukusa mutu, nati bwalo silingayeze mafuta amene silinawalawe. Choncho mkamwini alipe nkhuku ziwiri zonenepa: imodzi ya apongozi, ina ya bwalo kuti lifufuze bwino. Tambala wowonda sakulandiridwa.

"Nanga mafuta otsala pofufuzapo, amfumu?" anafunsa mayiwo.

Nduna inatsokomola. Njinga ya amfumu, inatero, nayonso yayamba kulira.