Mpingo wa Nkhandwe ndi Mbalame M'maofesi a M'tauni

Kusamukira ku Firefox ndi Thunderbird ndi ntchito ya mphindi zochepa pa kompyuta, koma mu ofesi ya m'tauni imatha mwezi wathunthu, mwinanso n'kudanitsa anthu amene akhala akudyera limodzi chipisi cha pachiwaya kwa zaka. Firefox ndi browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga zilili Chrome ndi Edge. Thunderbird ndi yolandirira, kusungira ndi kutumizira maimelo, ntchito imene ambiri anaizolowera ndi Outlook. Mapulogalamu awiriwa ndi a Mozilla, ndipo ndi a open source, kutanthauza kuti malangizo onse amene amawayendetsa ali poyera: wodziwa kulemba mapulogalamu akhoza kuwawerenga, kuwakonza, ngakhale kupangirapo pulogalamu yakeyake osalipira kanthu. Mu ofesi wamba ya ku Limbe kapena ku Old Town mulibe amene anawerengapo malangizowo, ndipo sadzapezeka, koma ufulu woti atha kuwawerenga umamukomera kwambiri munthu amene wangosamuka kumene.

Mbiri yake inayambira ku America. Mu 1998 kampani ya Netscape, itapanikizika ndi Internet Explorer imene Microsoft inkaikiratu mu Windows, inaika poyera malangizo a browser yake, ndipo Mozilla inabadwira pamenepo. Mu 2003 panakhazikitsidwa Mozilla Foundation, bungwe losafuna phindu. Browser imene lero ndi Firefox inayamba mu 2002 ndi dzina loti Phoenix, koma dzinalo linali ndi mwini wake. Inasintha n'kukhala Firebird, nalonso linali ndi mwini wake. Inadzakhazikika pa Firefox mu 2004, ndipo Firefox 1.0 inatuluka pa 9 November chaka chomwecho, Thunderbird 1.0 n'kutsatira pa 7 December. Zonsezi m'maofesi sizidziwika. Kumeneko ina amangoti "kankhandwe kaja" ndipo inayo "kambalame kaja", potengera zithunzi zake.

Kusamukaku kumayenda ngati kusiya mpingo wa makolo n'kulowa watsopano, ndipo kumayamba ndi mlaliki. Kawirikawiri amakhala mnyamata wa IT, kapena wophunzira wa ku koleji amene wabwera kudzaphunzira ntchito kwa miyezi itatu ndipo sanapatsidwe chochita. Amaima kumbuyo kwa mpando wa munthu, n'kuyang'ana pa sikirini mwachisoni, kenako n'kunong'ona kuti, "Bwana, mukudziwa kuti akukuonani?" Uthenga wake si wabodza. Kuyambira mu 2019 Firefox imatsekereza yokha tizinthu tambiri timene makampani otsatsa malonda amatsatira nato munthu kuchoka pa tsamba lina kupita pa linzake, ndipo ikawonjezeredwa uBlock Origin, zotsatsa zambiri sizionekanso. Chrome, imene Google inatulutsa mu 2008, pamodzi ndi Edge, Opera ndi Brave, zonse zinamangidwa pa maziko amodzi otchedwa Chromium, pamene Firefox ili ndi injini yakeyake, Gecko. Mlaliki amafotokoza zimenezi mpaka thukuta. Omvera amagwedeza mutu mwaulemu, n'kufunsa mafunso awiri okha: ngati imadya bandulo yochepa, ndi ngati Facebook imatsegula.

Tsiku loika pulogalamu lili ndi mwambo wake. Palibe amene amafuna kudawuniloda ndi bandulo yake, ndiye pamapezeka fulashi imodzi imene imazungulira ofesi yonse itanyamula Firefox ya zaka ziwiri zapitazo, zithunzi za ukwati wa mlamu wa munthu wina, ndi mavairasi ochokera ku malo atatu osindikizira mapepala. Ikangoikidwa, Firefox imafunsa mwaulemu ngati itenge zonse za mu browser yakale: masamba osungidwa, mapasiwedi, ndi mbiri ya masamba onse amene munthu wakhala akutsegula. Pa mfundo yomalizayi abambo a ulemu wawo amatsokomola n'kunena kuti, "Mbiriyo ingoisiyani komweko, achimwene." Mbiri imeneyo ndi imene imadziwa kuti lipoti la pamwezi linachedwa chifukwa cha zigoli za Premier League ndi masamba obetcherana. Za mapasiwedi n'zosavuta, popeza ambiri alembedwa pa kapepala pansi pa kiyibodi, ndipo ndi dzina la mwana womaliza ndi chaka chimene anabadwa. Otsalawo amadziwika ndi mphwake wina amene anatsegula akauntiyo pa kafe kalekale, ndipo pano ali ku Johannesburg, nambala anasintha.

M'sabata yoyamba anthu amagawikana. Abwana amavomereza kusinthaku pa msonkhano, amasaina kalata yolamula aliyense kusamuka, koma laputopu yawo saikhudza munthu. Mayi sekilitale, amene ofesi yonse imayendera iwo, amafika m'mawa n'kufunsa kuti, "Intaneti yanga mwaiika kuti?" chifukwa kwa iwo intaneti inali kachithunzi kozungulira ka mitundu inayi kaja, ndipo kasowa. Madala a ku akaunti salowerera mkanganowu, akadalirabe Internet Explorer, imene Microsoft inaipumitsa pa 15 June 2022 popanda kuwafunsa. Chimene magulu onse amagwirizana n'chakuti kuyambira tsiku limenelo vuto lililonse ndi la nkhandwe. Pulinta ikatafuna pepala, magetsi akazima, malipiro akachedwa, pamamveka mawu akuti, "Kale sizinkatero izi."

Thunderbird ndiyo imabweretsa milandu yeniyeni, chifukwa imakhudza makalata a anthu. Poilumikiza ndi akaunti ya imelo pali njira ziwiri. IMAP imasiya makalata pa seva, moti foni ndi kompyuta zimaona zofanana, ndipo chimene chafufutidwa kuno chafufutidwanso uko. POP imakokera makalata mu kompyuta, ndipo ikatcheredwa motero imawachotsa pa seva. Mlaliki akasankha molakwika, abwana amatsegula foni ali pa msonkhano ku Mangochi n'kupeza bokosi lili mbee, makalata a zaka zisanu ali mu kompyuta ya pa desiki ku Lilongwe. Palibe chimene chatayika, koma kufotokoza zimenezi pa foni kwa munthu amene akukalipa n'kovuta kuposa kuika pulogalamuyo.

Ubwino wake ulipo ndithu. Maakaunti angapo amaonekera pa windo limodzi, kalendala ili momwemo, ndipo makalata amene analowa kale amawerengeka ngakhale netiweki itathawa, chinthu chimene m'matauni a kuno si chaching'ono. Kuyambira mu 2020 Thunderbird imabwera ndi OpenPGP, njira yobisira kalata kuti awerenge yekhayo amene walemberedwa. Mlaliki amadzipangira makiyi ake tsiku loyamba lomwe, kenako amazindikira kuti njirayi imafuna kuti wolandirayo akhalenso ndi makiyi, ndipo mu ofesi yonse, mwina mumsewu wonse, ali yekha. Amadzilembera kalata yachinsinsi n'kuiwerenga yekha. Thunderbird imayendetsedwa ndi MZLA Technologies Corporation, nthambi ya Mozilla Foundation, ndipo imadalira zopereka za anthu oigwiritsa ntchito. Nthawi ndi nthawi imaonetsa tsamba lopempha thandizo, ndipo membala wa m'tauni amalitseka msangamsanga, maso ali kudenga, monga amachitira mbale ya chopereka ikamadutsa kachiwiri.

Makhalidwe a pa imelo amasamuka onse osatsalako ngakhale limodzi. Kalata yopita kwa anthu makumi anayi imayankhidwa ndi anthu makumi anayi, aliyense kwa onse, ndi liwu limodzi loti "Noted", pansi pake pali dzina, udindo, madigiri, manambala atatu a foni ndi vesi. Thunderbird ili ndi kachikumbutso kamene kamatulukira munthu akalemba kuti waphatikizapo fayilo koma sanaiphatikize. Kachikumbutsoko kamatsekedwa osawerengedwa, ndipo patapita mphindi ziwiri pamabwera kalata yachiwiri yopepesa. Wotumiza akamaliza amaimba foni kufunsa ngati imelo yafika, ndipo asanayankhidwe amanyamuka kupita pa desiki ya mnzakeyo kukaionera limodzi.

Pali mfundo imodzi imene mlaliki saitchula pa guwa. Gawo lalikulu la ndalama za Mozilla limachokera ku Google, imene imalipira kuti ikhale chofufuzira choyamba mu Firefox. Munthu amene wathawa Google ndi mtima wonse amatsegula nkhandwe yake n'kupeza Google yemweyo akumudikira pakhomo. Chofufuziracho n'chosavuta kusintha, DuckDuckGo ili pomwepo pa mndandanda, koma ochepa amafika kumeneko. Mlaliki mwiniwakeyo imelo yake ndi ya Gmail, foni yake ndi ya Android, ndipo ulaliki wake anaukonzekera pa YouTube.

Kubwerera m'mbuyo kumayamba mwakachetechete. Pamapezeka tsamba limodzi, mwina lofunsira ntchito kapena lolipirira china chake, limene analiyesa pa Chrome pokha ndipo pa Firefox batani lake silidinika. Munthu amatsegula Chrome "kwa lero lokha", ndipo Chrome imamulandira ndi funso ngati akufuna kuti ikhalenso browser yake ya masiku onse. Ambiri amathera pa umembala wa mipingo iwiri: nkhandwe imatsegulidwa wa IT akamadutsa, inayo akangotuluka. Otsalira ndi mtima wonse amakhala awiri kapena atatu, ndipo nthawi zambiri mmodzi mwa iwo ndi mayi sekilitale aja, amene anazindikira kuti akhoza kupitiriza ntchito netiweki itapita, ndipo tsopano salola munthu kukhudza kambalame kawo.

Miyezi itatu ikatha wophunzira uja amabwerera ku koleji, atatenga pasiwedi ya admin m'mutu mwake. Makalata ofunika kwambiri a ofesi, monga oitanira anthu ku msonkhano kapena olengeza maliro, amapitirira kuyenda mmene ankayendera kale: munthu amajambula sikirini ya kompyuta ndi foni, chithunzi chopendekeka, n'kuchiponya pa gulu la WhatsApp.