Ulemu kwa thanki ya nsomba zosadyedwa

Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere. Yoyandikira ili ku Mozambique, ku Quelimane, ku Beira kapena ku Nacala. Choncho munthu wa ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe amene waimika thanki yagalasi pabalaza, nati akufuna Indian Ocean yakeyake pambali pa TV, ndi woyenera kumuwombera m'manja. Koma ulemu weniweni upite kwa thankiyo. M'Blantyre monse mulibe bwana wina wolamula mwini nyumba usana ndi usiku osayankhula n'kamodzi komwe.

Thankiyi si ya masewera, imasankha. Mchere wa mumsika wa Limbe, umene umakometsa ndiwo za mzinda wonse, iyo imaukana. Imafuna wake wapadera, wokhala ndi calcium ndi magnesium, woitanitsa kunja. Lita iliyonse imadya magalamu pafupifupi 35, ndiye thanki ya malita 200 yameza kale makilogalamu 7 musanaone ngakhale chipsepse cha nsomba. Madzi a pampopi nawonso imawanyoza. Klorini amene amatiteteza ife ku kolera, kwa iyo ndi chiphe. Inu ndi ana anu imwani, koma ake ayambe asefedwa.

Ndiye pali maphunziro a kudekha, amene thanki imapereka ulere. Mukathira madzi, mchenga ndi miyala, nsomba simuika ayi. Mumadikira masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti mabakiteriya aswane. Ntchito yawo n'kusandutsa amoniya, wochokera m'zonyansa za nsomba, kukhala nitrite, kenaka nitrate amene saopsa kwambiri. Mwezi wonsewo bambo wamkulu, woopedwa kuofesi, amagwada madzulo ndi kabotolo m'manja, kudonthezera mankhwala m'madzi n'kumafanizira mtundu wake ndi kapepala. Alendo amasuzumira m'galasimo, kuzungulira uku ndi uku.

"Nanga nsombazo zili kuti, achimwene?"

"Panopa tikuweta tizilombo kaye."

Ndi chiweto chiti china chingamuyankhulitse munthu wophunzira mawu otere, nkhope ili gwa?

Nyengo nazo thanki imaziwerenga kuposa mlimi. Madzi ake azikhala pa madigiri 24 mpaka 26. Chiperoni chikatsika mu Juni, ana amafunda mabulangete awiri koma hita imapita kwa nsomba. Okutobala akafika madzi amauma, mchere n'kutsala, ndiye wowonjezerapo azithira madzi opanda mchere. Woyamba kumene amaganiza kuti nyanja ya mchere imawonjezeredwa ndi madzi a mchere, ndipo thanki imamudzudzula mwaulemu, ndi mitembo.

Koma pamene ukulu wake umaonekera bwino ndi pa magetsi. Pampu ikaima, mpweya umayamba kuchepa m'madzi, nsomba n'kumapuma mwawefuwefu. Magetsi akangothima, m'nyumba zina amafufuza kandulo, koma muno bambo amathamangira ku jenereta atavala kabudula. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Enafe tinkangodandaula za nyama ya mufiriji. Mwini thanki ndiye amasanduka katswiri wa mtsinje wa Shire: Nkula, Tedzani ndi Kapichira amazitchula ngati mayina a ana ake. Masukulu akhala akuyesa kuphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri, galasi lamadzi n'kuzitha sabata imodzi.

Ena opanda masomphenya amati, bwanji osangoweta mbuna? Zoonadi, Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Malemu Stuart Grant anayamba kutumiza mbuna kunja m'zaka za m'ma 1970, ndipo ntchito yake inakhazikika ku Salima. Lero ku Germany kuli anthu otenthetsa madzi kuti mbuna zathu zisamve chisanu. Koma vuto la mbuna n'lakuti n'zapafupi, sizifuna mchere wa m'ndege, sizifa msanga. Ulemu ungachokere kuti pamenepo? Munthu wa mtima amafuna kansomba kofiirira ka mizere yoyera kamene ana anakaonera mu Finding Nemo ya 2003, kobwera pa Chileka m'thumba lapulasitiki, katatopa kuposa mwini wake.

Ndipo kakafa, pakuti woyamba kumene kamamufera ndithu, sikalowa mumphika. Agogo ochokera ku Mangochi amakatembenuza ndi chala, kukayeza ndi maso, n'kufunsa mtengo wake. Akauzidwa amakhala kaye pansi, kenaka n'kuyamba kuwerengera kuti ndalama imeneyo ndi mabigiri angati a usipa. Mwini nyumba sawamva n'komwe, ali pafoni kufunsa ngati ku Johannesburg kuli wina wobwera sabata yamawa.