Thirakitala ya malume yangoti "tcha!"

Pali zinthu zitatu zimene Mmalawi aliyense amazidziwa popanda kupita kusukulu: kusankha osewera a Flames, kuyendetsa boma ndi kukonza injini ya eni ake ikakana kulira. Ziwiri zoyambazo ndimazigwira madzulo aliwonse pabawo, osalandira ngakhale tambala. Chachitatucho ndicho chinandikweza minibasi kupita kwathu ku Kasungu, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana.

Malemu malume adatisiyira thirakitala ya Massey Ferguson 135 imene adagula pamene esiteti ina ya fodya inkagulitsa katundu wake. Mtundu umenewu adayamba kuupanga ku Coventry, ku England, mu 1964, chaka chimene tidalandira ufulu wodzilamulira. Ili ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu, yomwa dizilo. Akuti kale idali yofiira. Abale adagwirizana kuti woyang'anira chuma chimenechi ndikhale ineyo, chifukwa nyumba imene ndimachita lendi m'tauni ili kuseri kwa galaja. Hamala ndimaimva m'mawa uliwonse, ndiye kumudzi amati ndine makaniko. Ine sindidatsutsepo. Ulemu sabweza.

Tsiku loyamba kulima ndinavala ovolosi yobwereka, n'kukwera pampando mudzi wonse ukuonerera. Ndinapotokola kiyi. Thirakitala inangoti "tcha!" basi. Ndinapotokolanso, maso ali kumwamba kuti anthu aone kuti ndikumvetsera mwaukatswiri. Inabwereza mawu omwewo, osaonjezera, osachotsera.

Pomwepo komiti inakhazikitsidwa popanda chisankho.

Alamu anga anati ndi batire. Kuti atsimikize, anabweretsa kabatire ka sola kamene amaonerera mpira, n'kunena kuti kamayatsa wailesi ya kanema usiku wonse osatopa. Aphunzitsi opuma a m'mudzimo anawaseka. Anafotokoza kuti injini ya dizilo ilibe mapulagi, imayaka chifukwa mpweya wapanikizidwa mpaka kutentha, ndipo kuti sitata izungulitse injini yotero imakoka maampu mazanamazana m'kanthawi kochepa. Kabatire ka mpira kangofera pomwepo. Anatuma mwana kukabwereka mita kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, anaigunditsa pabatire ya thirakitalayo, ndipo inawerenga 12.6. Batire ya mavoti 12 ikawerenga chonchi ndiye kuti yakhuta. Mlandu wa alamu unathera pamenepo.

Aphunzitsiwo atapambana, sanafune kukhala pansi. Anatiuza kuti mu 1958 Edmund Hillary adafika ku South Pole pa mathirakitala a Ferguson, agogo ake a yathuyi, m'dziko la madzi oundana okhaokha. Ndinafunsa ngati kumeneko adasiya keyala ya makaniko wawo. Sanandiyankhe.

Azakhali anali ndi maganizo ena. Iwo anati chitsulo sichingakane chokha ntchito, alipo waimanga, ndipo akumudziwa. Anayang'ana kumpoto, kumene kuli banja limene tikulimbirana nalo malire a dimba. Mkulu wa mpingo anati tiyambe tapemphera. Tinapemphera, ndipo potsiriza "Amen" wathu thirakitala inavomera: "tcha!"

Apa alamu anadzuka kachiwiri ndi nzeru ya hamala. Nzeru imeneyi si yabodza ayi. M'kati mwa sitata muli mabulashi, timakala tokhudza chitsulo chozungulira. Tikatha kapena kukakamira, kugogoda pang'ono kumatidzutsa. Koma mawu akuti "pang'ono" sadziwika kwathu. Tinayamba ndi hamala, tinapitiriza ndi mpini wa khasu, ndipo azakhali atatulukira ndi munsi ndinaimitsa msonkhano.

Mnyamata wina amene adakhalapo kondakitala anati iye sataya nthawi ndi kiyi, amangolumikiza mabawuti awiri a pasolenoidi ndi sipanala, injini n'kulira. Amayi anakoka ana awo. Anachita bwino, chifukwa wochita zimenezi amaima pansi, kutsogolo kwenikweni kwa tayala lalikulu lakumbuyo. Thirakitala ikakhala m'giya n'kulira, imayamba ulendo ndi iyeyo. M'mayiko ambiri alimi afa imfa imeneyi. Ndinamuletsa ndi mawu aukulu, makamaka chifukwa sipanalayo anafuna kuti ndigwire ndine.

Chinatsala n'kukankha. Amuna onse a m'mudzi anavula malaya. Chitsulo choposa tani imodzi, pamchenga, malo athyathyathya. Chinasuntha mapazi angapo, okankha n'kuyamba kufunsa za thobwa. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene malume ankaimikira thirakitala yawo pamwamba pa chitunda cha kuseri kwa nkhokwe, mphuno italoza kumunsi. Tinkati n'kudzionetsera. Chitundacho ndicho chinali sitata yawo yachiwiri. Ine nditangolandira udindo ndidalamula kuti ng'ombe ziikokere pansi pa mtengo wa mango, kuti chuma cha banja chisamapse ndi dzuwa.

Usiku umenewo ndinagamula ndekha: sitata yapsa. Munthu wa m'tauni sangabwere ulendo wonsewu kudzapeza vuto laling'ono. Vuto liyenera kufanana ndi ovolosi. M'mawa ndinagona pansi pa thirakitala ndi sipanala. Akatswiri amayamba achotsa waya wa efi pabatire asanakhudze sitata. Ine ndinaphunzira lamuloli kwa mphenzi imene inatuluka pamene sipanala inagunda bawuti ya moto ndi chitsulo cha injini nthawi imodzi. Ana anaombera m'manja, kuyesa ndayamba kuwotcherera.

Sitata ya thirakitala ndi yolemera, abale. Ndinaikulunga m'thumba la feteleza, n'kukwera nayo kabaza mpaka paboma. Wakabaza anati katunduyo alipire ngati munthu.

Wamagetsi a galimoto amene ndinamupeza sanayang'ane n'komwe m'thumbamo. Anandifunsa kuti, "Bwana, ikumati bwanji?"

Ndinati siikulira.

"Zimenezo ndamva. Koma pokanapo ikumati bwanji? Injini iliyonse imanena matenda ake. Ikangoti zii, osamveka kanthu, moto sukufika kusolenoidi: yang'anani kiyi, kawaya kakang'ono, mwina makoswe adya. Ikati 'tcha', solenoidi yamva kuitana koma moto waukulu sukudutsa: batire, mitu ya batire, efi, kapena mabulashi. Ikamazungulira mwaulesi, batire yafooka kapena mabushi atha. Ikamati 'wiii' yokhayokha injini ili phee, kagiya ka kutsogolo sikakulowa m'mano a fulaiwilo. Ikamakukuta, mano aphwanyika, ndipo pamenepo mulire ndithu, chifukwa thirakitala imachita kugawidwa pakati kuti afikepo."

Ndinati yathu ikumati "tcha".

"Munayatsa nyali n'kupotokola kiyi? Zikazima kapena kufooka kwambiri, moto ukutsamwa panjira. Zikangowala osasintha, ndiye tikayikire solenoidi kapena sitata."

Ndinamuuza kuti nyali za thirakitala yathu zidapita ndi ulamuliro wa chipani chimodzi.

Anaiponda sitatayo ndi phazi, anailumikiza kubatire yake ndi mawaya awiri okhuthala, ndipo inazungulira mwamphamvu mpaka kufuna kuthawa. Anaitsegula kumbuyo, mabulashi ali bwinobwino. Chimene anapeza ndi zipsera za hamala zokha, ndipo anafunsa ngati inachita ngozi. Anandilipiritsa ya maso. Wakabaza anandilipiritsanso anthu awiri pobwerera.

Kumudzi ndinanena kuti sitata "yaonedwa ndi akatswiri", zomwe sizinali zabodza. Ndinaibwezera, ndinamanga mabawuti, ndinakwera, ndinapotokola kiyi. Zii. Ngakhale "tcha" uja anasowa. Azakhali anayang'ananso kumpoto.

Dzuwa litapendeka anatulukira agogo ena a mudzi woyandikana nawo, amene adayendetsa mathirakitala pa esiteti ija unyamata wawo wonse. Anthu amangowatchula kuti a Dalaiva. Anali atamva kuti kwathu kuli zoonerera zaulere. Anaizungulira thirakitala ndi ndodo yawo, anasuzumira pakati pa miyendo yanga pomwe pali ndodo ziwiri za magiya, n'kundifunsa:

"Mwana wanga, kandodo kakafupika wakaika pati?"

Ndinati kameneko sikakhudzana ndi magetsi, agogo.

Anakakankha ndi nsonga ya ndodo mpaka kanafika pakati, pa chilembo S. Anati kandodo kameneka kamasankha liwiro lalikulu kapena laling'ono, koma pansi pake pali switchi. Kakapanda kukhala pa S, moto supita kusitata ngakhale ubwere ndi batire ya sitima. Adapanga dala kuti thirakitala isalire ili m'giya n'kuponda mwini wake. Ine ndinali nditakagunda ndi bondo potsika kukatenga sipanala.

Ndinapotokola kiyi. "Tcha!" Mudzi wonse unalulutira. Tinali tabwerera pamene tidayambira, ndipo zinaoneka ngati chitukuko.

A Dalaiva anati ndigwire kiyi kanthawi pang'ono, kenaka anayamba kupapasa mawaya okhuthala aja ndi dzanja, kuchokera kubatire kutsika. Atafika pamene waya wa efi amamangidwa kuchitsulo cha thirakitala anachotsa chala msanga. Panali potentha. Anati polumikizira pabwino sipatentha. Pakatentha ndiye kuti moto ukulimbana ndi dzimbiri. Atamasula bawutiyo tinapeza dzimbiri, dothi ndi unga wobiriwira. Pamitu ya batire, pansi pa zomangira, panalinso unga woyera.

Aphunzitsi anadandaula kuti koma mita inawerenga 12.6. A Dalaiva anati mita siinaname. "Polumikizira padzimbiri pali ngati mlatho wa mtengo umodzi. Mwana awoloka, ngolo ya chimanga siiwoloka. Mita yanuyo ndi mwana. Mukadaiwerenga kusitata kiyi atapotokoledwa, mukadaona manambala akugwa."

Kenaka anaitanitsa zipangizo: madzi ofunda, sandipepa, mafuta odzola a ana, ndi soda. Mayi a kunyumba anatulutsa soda wawo wa therere monyinyirika. Anamusungunula, anathira pamitu ya batire, panachita thovu, unga uja n'kusungunuka. Anapala waya ndi chitsulo mpaka kuwala, anamanga zolimba, anapaka mafuta pamwamba kuti chinyezi chisalowe. Ntchito yonse inatha madzi a nsima asanawire. Anandiuza kuti pa esiteti lamulo linali limodzi: yamba ndi chimene sichifuna ndalama, sitata uimasule pomaliza. Anaonjeza kuti safunsa adadya phula, koma ananena akuyang'ana kumbali, poti ndinali nditavala ovolosi.

Ndinakweranso. Kandodo pa S. Kiyi. Sitata inagwira, injini inazungulira mwamphamvu, thirakitala yonse ikugwedezeka, dzimbiri likuyoyoka. Inazungulira, inazungulira, koma osalira. A Dalaiva anati ndisiye, sitata siigwiridwa nthawi yaitali, imapsa zenizeni tsopano. Anatsegula thanki, anapisamo kamtengo, n'kukatulutsa kouma.

Ndalama ya dizilo imene abale adasonkha ndiyo inapita kwa wakabaza ndi wamagetsi uja. A Dalaiva anatinso poti tazungulitsa injini thanki ili youma, mpweya walowa m'mapaipi, ndiye dizilo akadzapezeka tidzayambe tautulutsa pa fyuluta ndi papampu. Atatero anapempha soda wotsalayo n'kumapita.

Usiku womwewo mvula inagwa yambiri. M'mamawa mayi a kunyumba anandidzutsa atanyamula makasu awiri. "Abambo, dzukani. Ili silifuna batire." Ndinalima ndithu, koma ovolosi sindinavule, kuti odutsa adziwe kuti pamzerepo pali munthu wa ntchito ina.

Mbiri yanga siinawonongeke. Nkhani imene yafika midzi ina ndi yakuti mwana wa m'tauni uja adadzutsa sitata imene idakanika komiti yonse. Dzulo kwabwera uthenga kuti chigayo cha kutsidya kwa dambo chakana kulira, ndipo eni ake akufuna ineyo. Ndafufuza kale: chigayocho amachita kupukusa ndi manja, chilibe sitata, chilibe batire, chilibe waya wa efi. Ndavomera, ndipo ndawauza kuti akonzeretu ya kabaza ya anthu awiri, chifukwa sindikudziwa chimene ndikamasule.