Demokalase Izithera Pakhonde

Aliyense amene anakhalapo nane pa phwando la Amalawi kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, akudziwa kuti ndikayamba kukamba ndale za America nyama imapserera pamoto. Ndine liberal wosachita kufunsa. Ndimafuna kuti olemera azikhoma msonkho wokwanira, wodwala aliyense azionana ndi dokotala ngakhale m'thumba muli mbee, obwera ngati ife azilandiridwa mwaulemu, ndipo mfuti zisamagulidwe mwachisawawa. Pete Buttigieg, amene anali meya wa mzinda uno kuyambira 2012, ndimamutchula dzina loyamba ngati tinavinidwa dambwe limodzi. Chisankho chikayandikira ndimazika chikwangwani cha chipani cha Democrat pakapinga, ngakhale ndikudziwa kuti kuno n'kwa njovu, chizindikiro cha a Republican. Chichokereni 1964, bulu wathu wa a Democrat wapambana chisankho cha pulezidenti ku Indiana kamodzi kokha, mu 2008 nthawi ya Barack Obama.

Zonsezi ndi zapanja. Mavuto anga ali m'nyumba, ndipo anayamba ndi mayeso.

Kuti mlendo akhale nzika ya America amayenera kukhoza mayeso a mbiri ya dziko ndi kayendetsedwe ka boma. Nthawi yanga mafunso oloweza anali 100. Ankakufunsapo 10, ukakhoza 6 wadutsa. Poti mutu wanga unazolowera kusunga maola a mashifiti okha, ndinapempha ana anga atatu kuti azindifunsa madzulo. Ine ndinadutsa n'kuiwala zonse sabata yomweyo. Anawo sanaiwale. Lero m'nyumba mwanga muli maloya atatu osalipira lendi, ndipo mayi awo ndiwo khothi.

Mlandu woyamba unali wa nkhukundembo. Kumapeto kwa Novembala kuli Thanksgiving, tsiku limene America yonse imadya chimbalame chouma chija n'kumanamizana kuti chikukoma. Ine ndinati chaka chino tidye nsima ya nyama ya mbuzi. Mwana wachisamba, mtsikana amene akufuna kudzaphunzira zamalamulo, anati, "Adadi, tivote." Ndikanakana bwanji, ine amene ndimalalikira demokalase mpaka m'gulu la WhatsApp la mpingo? Tinavota. Nkhukundembo 4, mbuzi 1.

Apa m'pamene ndinakumbukira Electoral College. Kuno pulezidenti salowa chifukwa chongopeza mavoti ambiri a anthu. Chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zake, Indiana 11, California 54, zonse pamodzi 538, ndipo wopeza 270 ndiye mwini White House. M'zigawo pafupifupi zonse, wopambana ngakhale ndi voti imodzi amakokolola nthumwi zonse. N'chifukwa chake mu 2016 Hillary Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni koma n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Usiku umenewo ndinanyoza dongosololi mpaka mawu kusasa. Koma pa nkhani ya mbuzi ndinaona kuti azungu akale aja anali ndi nzeru ndithu. Ndinagawa nyumba m'zigawo: chipinda cha anyamata nthumwi 3, cha mtsikana 3, cha makolo 270 poti ndicho chimalipira magetsi.

"Zamveka abambo," anatero mayi a kunyumba. "Nanga m'chigawo cha makolocho mumakhala nokha?"

Munali ovota awiri, ndipo zotsatira zinali 1 kwa 1. Ndinapempha kuti tiwerengenso. Iwo anandikumbutsa kuti mu 2000, George W. Bush ndi Al Gore atasiyana mavoti 537 okha ku Florida, amene anaimitsa kuwerengako ndi Khothi Lalikulu. Khothi la America lili ndi oweruza 9 okhala pampando moyo wawo wonse. Lathu lili ndi mmodzi, nayenso wamuyaya, ndipo amagamula ataimirira pafupi ndi sitovu. Ndinadya nkhukundembo, n'kuyamika.

Disembala anabwera ndi sinowo. South Bend ili pafupi ndi nyanja ya Michigan, ndipo mphepo ikachokera kunyanjako imatikhuthulira chipale usiku umodzi mpaka galimoto kusowa. Ndinapatsa mnyamata wanga wamkulu fosholo. Iye anandipatsa mtengo: madola 15 pa ola.

Nambalayi anaimva kwa ine. Malipiro otsikitsitsa amene boma la America linaika akhala pa $7.25 pa ola kuyambira 2009, ndipo Indiana sinawonjezerepo kanthu. Ine, amene ndimachezera usiku kusamalira okalamba, ndakhala ndikufuula pamodzi ndi Bernie Sanders kuti wantchito aliyense azilandira 15. Koma Sanders sananenepo kuti wolipirayo ndikhale ine.

"Iwe," ndinatero, "umadya ulere, umagona ulere, intaneti yaulere. Chuma cha nyumba ino sichingapirire malipiro amenewo."

"Adadi, mawu amenewo ndi a mabwana aja mumawanyoza pa TV."

Anaika fosholo pansi n'kulengeza sitalaka. Chitsirizira, amene sanagwirepo ntchito chibadwire, analowa nawo posonyeza umodzi.

Ndinatuluka ndekha, ndipo posakhalitsa msana unayamba kudandaula. Kenaka anatulukira neba wanga, mkulu wa chipewa chofiira cha otsatira Trump, munthu amene malinga ndi ziphunzitso zanga sasamala za obwera. Anabwera ndi makina ake opemerera sinowo, anakonza njira yanga yonse mpaka pakhonde, anafukula chikwangwani changa cha Democrat chimene chinakwiririka, n'kuchiimika bwinobwino. Ndalama anakana. Ndinalowa m'nyumba ndili wokwiya kwambiri, chifukwa si bwino kuwonongera mnzako mfundo zake m'mawamawa chonchi.

Pali nkhani imodzi yokha imene chikhulupiriro changa ndi thumba langa zimayenda limodzi, ndiyo yakusintha kwa nyengo. M'dzina la pangano la ku Paris la 2015 ndimathimitsa magetsi m'chipinda chilichonse, nthawi zina muli munthu. Hita ndimaitsitsa mpaka ana kumadya atavala majekete. Ndinkaona ngati apa palibe angandigwire, kufikira mayi atafunsa kuti ngati dziko ndikulikondadi chotero, bwanji osagulitsa chigalimoto changa chomwa mafuta chija n'kumakwera basi. Ndinawayankha kuti ngakhale America yeniyeniyo imalowa n'kutuluka m'panganolo malinga ndi amene ali pampando.

Za msonkho ndiye musanene. Ndimakonda kunena kuti amene ali ndi zambiri apereke zambiri. Mayi amadikira kuti ndimalize, kenaka amatulutsa foni. M'menemo muli mauthenga ochokera kumudzi: fizi ya mwana wa achimwene, matumba a feteleza a amalume, malata a tchalitchi, ndi msuweni amene bizinesi yake ya kaunjika imagwa mwezi uliwonse malipiro anga akayandikira. "Pamtundu wonse wa kwanu, Elon Musk ndi ndani?" amafunsa. Ndikayang'ana uku ndi uku ndimapeza kuti ndine. Ndipo msonkho wa kwathu ngwotsogola kuposa wa Sanders, chifukwa akangomva kuti wagwira ovataimu, mlingo umakwera wokha. Nthawi imeneyo mumtima mwanga mumadzuka ka Republican kakang'ono kovala tayi, kamene kamayamba kunena kuti zaulere zimalemaza anthu, aliyense azidzidalira. Kamalankhula mpaka mayi atandikumbutsa amene anagulitsa ng'ombe kuti ine ndikwere ndege. Zikatero kamabwerera kukagona.

Mu 2024 ndinavotera Kamala Harris, ndipo ndinauza aliyense kuti nthawi yakwana yoti mayi atsogolere. Ndinakumbutsa anthu kuti amayi a dziko lino anapatsidwa ufulu wovota m'zigawo zonse mu 1920 pomwe abambo anayamba kalekale. Harris anapeza nthumwi 226, Trump 312. Ndili pakati pa kulira, mayi a kunyumba anandisisita paphewa n'kunena kuti ndisataye mtima, zimene zakanika ku Washington titha kuziyamba konkuno. Anandipatsa siponji ndi sopo wotsukira mbale. Udindowo ndikadali nawo.

Ndi pasinki pomwepo pamene ndinagwidwa pa mlandu waukulu kuposa yonse. Mu Ogasiti 2025 boma la America linalengeza kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yodzacheza azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa akabwerera kwawo pa nthawi yake. Ndinapsa mtima zenizeni. Ndinalemba uthenga wautali m'gulu la WhatsApp wonena kuti uku n'kutsekera amphawi chitseko, ndipo mpaka lero ndikuimabe pa mawu amenewo. Anthu anandiombera m'manja. Tsoka ilo, nthawi yomweyo n'kuti apongozi anga akukonzekera ulendo wodzatiyendera. Ulendo wapitawo anasuntha mpando wanga pabalaza, analanda limoti, ndipo ankandifunsa tsiku ndi tsiku chifukwa chimene mwana wawo akugwirirabe ntchito ngati anakwatiwadi. Madzulo ake mayi anandipeza ndikutsuka mbale uku ndikuimba mluzu.

"Mluzuwo ngwachiyani abambo?"

"Ngwachisoni, mayi."

"Chisonicho muchisunge bwino, chifukwa chikolecho mulipira ndinu. Si inu mumati obwera azilandiridwa mwaulemu?"

Mwezi umenewo ndinagwira mashifiti mpaka okalamba amene ndimawasamalira anayamba kundifunsa ngati ndili bwino.

Chida chimene chinanditsalira ndi pakamwa. Ku Senate, komwe kuli maseneta 100, malamulo ambiri sangadutse pokhapokha 60 atavomereza kuti zokambirana zithe, choncho ochepa amatha kutsekereza ambiri. Amaitcha filibuster, ndipo ine ndakhala ndikunena kuti ithetsedwe. Koma tsiku limene ana anabweretsa bilu yoti nthawi yofikira pakhomo ichoke pa 8 koloko ifike pa 10, ndinaimirira. Kuyambira pa 31 Malichi mpaka pa 1 Epulo 2025, Cory Booker analankhula ku Senate maola oposa 25 osakhala pansi, kuposa Strom Thurmond amene mu 1957 anatha maola 24 ndi mphindi 18 akutsutsa lamulo loteteza ufulu wa anthu akuda. Ndinati nanenso ndingathe. Ndinayambira pa mtunda umene ndinkayenda wopanda nsapato popita kupulayimale, ndinadutsa pa njala ya 2002, ndinafika pa mtengo wa palafini. Mtsikana anafuna kundidula pakamwa, ndinamuuza kuti akhale chete. Anandikumbutsa First Amendment ya 1791, yoteteza ufulu wolankhula. Ndinamuyankha kuti lamulolo limaletsa boma, osati bambo ake. Pokhapo ndinakhoza, ndipo ndikufuna kuti zilembedwe.

Mayi sanatsutse kanthu. Anangozimitsa sitovu n'kulengeza kuti boma latsekedwa mpaka nyumba ya malamulo igwirizane. America inapirira kutsekedwa kwa boma masiku 35, kuyambira Disembala 2018 mpaka Januwale 2019. Ine nditamva fungo la nyemba zosiyidwa panjira ndinapempha zokambirana. Bilu inadutsa, nthawi n'kukhala 10 koloko, ndipo ndinasaina ndi dzanja lomwelo limene ndinatemera nsima.

Usiku ndinadandaula kuti ulemu wa mwini nyumba watha. Mayi anati vuto si ine koma mpweya wa chigawo chino. Anandikumbutsa kuti Kamuzu Banda anaphunzirapo pa Indiana University asanapite ku Chicago ndi ku Meharry Medical College, anaona demokalase ya America ndi maso ake, koma mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya.

"Ndiye inu mwangotsata mapazi. Kusiyana kwake n'koti iwo aja anali dokotala."

Ndinati sindingafanane ndi wolamulira yekha, poti ine ndimamvera maganizo a aliyense. Anati n'zoona, ndimamvera ndithu, kenaka n'kuchita zimene ndinaganiza kale.

Lamlungu lotsatira titachoka kutchalitchi panachitika riferendamu, kungoti nyali ndi tambala za mu 1993 panalibe. Mtsikana anawerenga 22nd Amendment ya 1951, yoti munthu asasankhidwe kukhala pulezidenti koposa kawiri, n'kuwerengetsa kuti ine ndinamaliza materemu anga iye akadali kupulayimale. Sanandichotseretu, poti ndi ana oleredwa bwino. Anandipatsa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti, pamodzi ndi ntchito zake zonse: kuimira banja pamaliro, kutulutsa bini ya zinyalala, ndi kumwetulira kumbuyo kwa mtsogoleri akamalankhula. Anandilonjezanso mphamvu imene wachiwiri wa America ali nayo ku Senate, yoponya voti mbali ziwiri zikafanana. Kamala Harris anaigwiritsa ntchito maulendo 33, kuposa wachiwiri wina aliyense m'mbiri ya dzikoli. Ndinalandira mokondwa, poti ovota atsala anayi, ndipo anayi amagawika bwino pawiri.

Chiyambireni, nkhani iliyonse imatha 4 kwa 0.

Ine ndimadana kwambiri ndi ndalama m'ndale. Chigamulo cha Citizens United cha 2010, chimene chinamasula makampani kuti azithira ndalama mmene angafunire pa zisankho, ndimachitsutsa paliponse pamene ndapatsidwa mpata. Koma kuti pakhale 2 kwa 2 ndikufunika anthu awiri. Chitsirizira wavomera pa mtengo wa ayisikilimu. Mnyamata uja akuti mtengo wake sunasinthe, ndi madola 15 pa ola, ndipo wandichenjezeratu kuti iye amaganiza pang'onopang'ono.