Tinali ku Nyanja, Umboni Uli pa Foni

Banja la m'tauni likafika pa boma la Mangochi, choyamba kutuluka m'galimoto ndi foni. Kenako amatsika mayi a Junior, magalasi akuda atawakweza pamutu. Pomaliza ndi bambo, atavala kabudula amene ku Area 47 sangayerekeze kupita naye ngakhale pa okala. Pambuyo pawo pali mtsikana wantchito, wasenza chikwama, madzi ndi ambulera.

Poyambira ndi pa nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikadali kutchedwa Fort Johnston. Junior akufunsa kuti Victoria anali ndani.

"Mzungu wina wake, mwanawe. Taima apo, ukutseka dzuwa."

Chapafupi pali mfuti yaikulu imene inachotsedwa pa sitima ya Guendolen. Nkhani yake njokoma kuposa filimu. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades analamulidwa kukawononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ku Liuli, tsidya la Tanzania, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe, ndipo anaiombera pomwepo. Akuti kaputeni wa Chijeremani, yemwe anali mnzake wa pamowa ndipo sankadziwa kuti kunja kwayamba nkhondo, anapalasa kabwato kudzamufunsa ngati waledzera. Azungu anailemba kuti inali nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Britain inapambana m'nkhondoyo.

Bambo a Junior zonsezi alibe nazo ntchito. Akoleka mkono pa mpope wa mfutiyo, mimba aibweza m'kati, mpweya augwira.

"Mayi a Junior, jambulani msanga, ndikomoka."

Pambali pake pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mayi aona kuti ndi malo abwino otsamira pokonza utoto wa pamilomo.

Pakhomo la Lake Malawi Museum, nyumba imene kale inali kalabu ya azungu, pabuka mlandu. Bambo amene dzulo analipira chipinda cha pa loji osaphethira, lero akunenerera mtengo wolowera.

"Mwanayu ndi wa zaka zisanu, achimwene, salipira."

"Adadi, ndili ndi 9."

"Iwe, akulu akamayankhula umatani?"

M'kati muli za nsomba, za sitima ndi za moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja. Muli mzungu mmodzi wa nsapato zakutha, akuwerenga chikwangwani chilichonse mpaka kadontho komaliza. Bambo a Junior ayamba kumulondola. Akaima mzungu, iwonso aima, manja kumbuyo, kugwedeza mutu. Chinthu chimene mzungu wachiyang'ana kawiri ndiye kuti nchofunika.

Mayi aima pa zida za asodzi. Aloza chinthu cholukidwa ndi nsungwi, nafunsa m'Chingerezi cha m'mphuno kuti kodi kadengu kokongola aka nka ntchito yanji, ndipo kangapezeke kuti, poti kangakhale bwino pabalaza ataikamo babu. Amene akufunsa chonchi anabadwira ku Nkhotakota, ndipo fizi yawo ya ku sekondale inachokera m'nsomba.

Mtsikana wantchito, mwana wosadziwa malamulo a m'tauni, ayankha mokweza:

"Madamu, si mono uwu? Ngati uja uli kuseri kwa khitchini ya agogo kwanu kuja."

Mzungu atembenuka, maso ali gwa, nayamba kufunsa mtsikanayo mmene nsomba imalowera ndi chifukwa chake imalephera kutuluka. Mtsikana afotokoza ndi manja omwe, mzungu akulemba m'kabuku. Bambo a Junior, pokhulupirika ku lamulo lawo lija, aima pambali pa wantchito wawo, manja kumbuyo, kugwedeza mutu. Mayi apeza kuti foni yawo ikufunika kuyankhidwa panja, ngakhale sinalire.

Masana ulendo wa ku Cape Maclear. Kumeneko kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika mu 1875 nasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawathetsa mankhalu. Banja lathu limva kuti pamandapo netiweki ikuvuta, ndiye lingodutsa. Mnyamata wa boti awauza za mbuna, tinsomba ta mawangamawanga timene tinachititsa kuti UNESCO iike Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Bambo amvetsera mwachidwi, kenako afunsa funso limene akhala nalo kuyambira m'mawa:

"Nanga timakoma ndi nsima?"

Pobwerera agula chambo cha m'mbali mwa msewu, atanenerera mpaka wogulitsa kuyamba kuwatchula achimwene ake a mayi mmodzi. Achimangirira pa kalilole wa galimoto, mbali ya dalaivala, kuti aneba akaone polowa pa geti.

Lolemba ku ofesi, zithunzi 60 zili kale pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mnzawo wina, amene anaona chithunzi cha mfuti, afunsa kuti mfuti imeneyo inali ya nkhondo iti.

"Ya Chilembwe," atero bambo a Junior, osakayika ngakhale pang'ono. "Muziyenda, achimwene. Kuyenda nkuphunzira."