Dzuwa la Yoswa ndi Mtengo wa Copernicus

Akuluakulu anati ukatchula mkango, kwera mumtengo. Mwambiwu timaunena kawirikawiri, makamaka munthu amene tikumudya miseche akatulukira pakhomo, koma palibe amene amavula nsapato n'kuthamangira pamtengo wa mango. Tonse timadziwa kuti mkangowo ndi apongozi kapena abwana, ndipo kukwerako ndi kusintha nkhani msangamsanga n'kuyamba kudandaula za mtengo wa feteleza, umene umakwera wokha osatchula mkango.

Anthu omwewa, amene anayamba kumva zining'a ali kumsana, akatsegula Baibulo nzeru ija imatsala panja pa tchalitchi pamodzi ndi njinga. Tengani Yoswa chaputala 10. Aisraeli ali pa nkhondo ndi mafumu asanu a Aamori, ndipo Yoswa akulamula dzuwa kuti liime pa Gibeoni, mwezi pa chigwa cha Ajaloni, kuti ntchito ithe kusanade. Chinaima n'chiyani? Akatswiri a zakuthambo amati usana ndi usiku zimasinthana chifukwa dziko ndilo likuzungulira. Pa Lilongwe pano tikuthamangira kum'mawa makilomita oposa 1,600 pa ola, kuphatikizapo amene agona pamzere wa mafuta. Kuti dzuwa lioneke ngati laima, dziko ndilo liyenera kumanga mabuleki. Amene anakhalapo mu minibasi dalaivala ataona pasenjala mochedwa akudziwa chotsatira chake. Nyanja ya Malawi ikanakhuthukira ku Tanzania ndi ku Mozambique, mkangano wa malire n'kuthera pomwepo.

Wokhulupirira ayankha kuti amene analenga nyanja sangalephere kuigwira kuti isatayike. Yankho limenelo ndilibe nalo mangawa. Chimene chimandiyabwa ndi uthenga uja wozungulira pa WhatsApp, wakuti makompyuta a NASA anapeza tsiku losowa m'mbiri ya thambo: maola 23 ndi mphindi 20 za Yoswa, kuonjezapo mphindi 40 za Mfumu Hezekiya pamene mthunzi unabwerera m'mbuyo. Nkhaniyi ndi yopeka. Inayamba kufala kale kwambiri mafoni a m'manja asanabwere, ndipo NASA inaikana. Kuti udziwe kuti wotchi inaimapo umafunika wotchi ina imene sinaime, ndiye pa Gibeoni yachiwiriyo inali pa mkono wa yani? Chodabwitsa n'chakuti chaputalacho chimanena chokha kuti mawu a Yoswa analembedwa m'buku la Yasari, buku lomwelo mmene munali nyimbo ya maliro imene Davide anaimbira Sauli ndi Yonatani. Wolembayo anatiuza yekha kumene anatapa mawu ake, ife n'kupita kukafunsa kompyuta.

Amene anaumvetsa mwambi wathu wa mkango uja, ngakhale Chichewa sankachidziwa, ndi Nicolaus Copernicus wa ku Poland. Anazengereza zaka zambiri ndi buku lake lonena kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa. Bukulo linatuluka mu 1543, iye n'kumwalira chaka chomwecho. Anatchula mkango n'kukwera mtengo umene palibe khothi lingamutsitsemo.

Galileo ndiye anali wamakani. Mu 1610 analoza chipangizo chake choonera kutali kumwamba n'kuona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter, umboni wakuti si zonse zimazungulira ife. Mu 1616 akuluakulu a mpingo ku Rome anamuchenjeza kuti asiye kuphunzitsa za Copernicus ngati zoona. Mu 1632 anatulutsa buku la anthu atatu akutsutsana, ndipo mfundo imene Papa Urban VIII ankaikonda anaiika m'kamwa mwa Simplicio, amene m'buku lonselo ndiye amangogonja. Kumeneko si kutchula mkango chabe, ndi kuukoka ndevu uli mtulo. Mu 1633 anamuzenga mlandu, anakakamizidwa kukana zimene ankaphunzitsa, ndipo anakhala wotsekeredwa panyumba mpaka imfa yake mu 1642. Mu 1992 Papa John Paul II anavomera kuti oweruza aja analakwa, patapita zaka zitatu atacheza ku Malawi kuno, ndiponso zaka 359 chiweruzireni mlanduwo. Inu amene mukudandaula kuti fayilo yanu yachedwa kukhothi, dekhani.

Komatu chenjezo linalipo kale. Cha m'ma 400, Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, analemba za buku la Genesis n'kuchenjeza Akhristu kuti asamalankhule zosadziwa za nyenyezi ndi kadamsana pamaso pa akunja amene zinthuzo amazidziwa bwino, chifukwa akunjawo akaseka, amaseka ndi Malemba omwe. Anali Mwafrika mnzathu, mwina n'chifukwa chake sanamumvere.

Ine sindikhulupirira kuti pali munthu amene amawerenga Baibulo lonse monga mwalembedwera. Tonse timasankha, ndipo kasankhidwe kathu n'kochenjera. Mbale amene angakutulutse mu gulu la WhatsApp chifukwa wanena kuti kuwala kwa mlalang'amba wa Andromeda kwayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutifike, pomwe iye chilengedwe chonse amachipatsa zaka 6,000, ali ndi maso onse awiri ndi manja onse awiri. Pa vesi lolangiza kukolowola diso lokuchimwitsa, mwadzidzidzi amasanduka katswiri wa mawu ophiphiritsa. Pa lija la kugulitsa chuma chonse n'kupatsa osauka, amafotokoza mofatsa kuti Ambuye ankauza mnyamata uja yekha, ndipo mnyamatayo analibe ana a sukulu. Lamulo loti dzuwa liime silimudula kanthu m'thumba, ndiye limenelo angalifere.

Kuguwa nako kuli vesi limodzi limene silinafunepo womasulira. Ngodya zinayi za dziko za m'Chivumbulutso abusa adzakuuzani kuti ndi kumpoto, kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo. Zipata za madzi za kumwamba adzati ndi mvula chabe. Koma akafika pa Malaki chaputala 3, chakhumi ndi chakhumi, ndipo nambala yotumizirapo pa foni yalembedwa kale pakhoma.