Shuga wanga wa masamba a mkuyu

Kuno ku Mzimba pafupifupi khomo lililonse lili ndi munthu ku Joni. Anzanga amalandira malata, ena njinga zamoto. Ine mlamu wanga wa ku Cape Town amatumiza nzeru pa WhatsApp, ndipo bandulo yotsegulira nzeruzo ndimagula ndekha.

Mwezi wathawu nzeru yake inali ya shuga. Akuti kukhitchini komwe amagwira ntchito amathyola masamba a mkuyu, kuwayanika mpaka aume, kuchotsa mitsempha, kuwasinja pamodzi ndi shuga, kusefa, n'kutsekera m'botolo. Pakapita masabata angapo shugayo amanunkhira kokonati ndi vanila, azungu n'kumalimbirana.

Ndinawerengera msanga. Mikuyu ili mbwee m'mbali mwa mtsinje wa Mzimba, yaulere. Nzimbe timalima tokha ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Chinkasowa ndi munthu wamasomphenya basi, ndipo ndinamupeza pagalasi ndikumeta ndevu.

Ine ndine wamfupi, koma Zakeyu nayenso anali wamfupi, ndipo mtengo anakwera ku Yeriko uja ndi mtundu womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anatsika ndi chipulumutso, ine ndinatsika ndi nyerere m'buluku, ana a sukulu akuombera m'manja.

Kupeza shuga ndiye kunafuna ukatswiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga wa kwathu amagona m'sutikesi, kiyi wake ali pansonga ya chitenje cha mayi a ana. Ndinadikira tsiku lawo lopita ku Jenda kukapikula tomato ndi anyezi. Sutikesiyo ndi ya paukwati wathu, ndiye sipoko ya njinga inakwanira potsegula. Paketi yonse inalowa mumtondo, womwe dzulo lake unasinja kambuzi.

Chinatuluka chinali chobiriwira motuwa, fungo lake la udzu wofolera womwe wavumbwa. Nditatumiza chithunzi, mlamu anayankha: "Alamu, mwathyola mtengo wanji?" Apo ndi pomwe anakumbukira kundiuza kuti mkuyu wawo ndi wina, wochokera kumayiko a ku Mediterranean, wa masamba ogawikana zalazala. Fungo lokoma lija limachokera ku mankhwala a m'tsambamo otchedwa coumarin, ndipo utomoni wake umawotcha khungu ukakumana ndi dzuwa. Wathuwu masamba ake ndi obulungira, okhakhala, okondedwa ndi mbuzi. Zonsezi anazisunga mpaka paketi itatha.

Mayi a ana pobwera anayang'ana botolo, n'kuyang'ana ine. "Adada, tiyi wa m'nyumba muno ndi ameneyu mpaka athe." Sanakweze mawu. Akazi a ku Mzimba akatsitsa mawu, mwamuna wanzeru amakatsuka mtondo.

Loweruka lake kunatulukira asibweni a mayi a ana kuchokera ku Embangweni, kudzakumbutsa za ng'ombe imodzi ya lobola yomwe yakhala ili m'njira kuyambira mwana wathu woyamba asanabadwe, ndipo mwanayo walemba Fomu 4. Mlendo wotere samwa madzi okha. Tiyi anabwera. Mkuluyo anathira masipuni anayi monga mwa chizolowezi, anatakasa, anaona tizinyalala tikuyandama, anapsontha kamodzi, n'kuyika kapu pansi mwaulemu wonse wachingoni.

"Yewo chomene, akamwini. Koma mankhwala oiwalitsa ngongole sagwira pa ine."

Ndinafotokoza za Cape Town, za vanila, za coumarin. Liwu lomalizali ndi lomwe linawatsimikizira kuti sing'anga wake ndi wakunja. Pochoka anali atakumbukiranso kuti ng'ombe ikakhala zaka zonsezi imakhala itaswa.

Nkhani inafika pamsika wa pa boma ine ndisanafike. Tsopano m'mawa uliwonse pakhomo panga pamaima anthu olankhula monong'ona: wakabaza wothawa katapila, mayi wa banki m'khonde, mphunzitsi wangongole ya pagolosale. Onse akufuna kasipuni kamodzi. Ndimawauza zoona, kuti pa asibweni zinangowonjezera chikumbumtima. Iwo amati n'chifukwa choti mkuluyo anangopsontha kamodzi, sanamalize kapu.

Ndiye amene ankati ndilibe mutu wa bizinesi abwere adzaone mzerewu. Mtengo sindinaikebe, chifukwa mayi a ana akuti ndikagulitsa ngakhale kasipuni, iwo ndi amene adzaperekeze apolisi kudzanditenga.